Mukula wa Kuseri kwa Munda

Ndinachoka ku Mpanshya chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanabereke. Ndinauza mkazi wanga kuti sindinapitire kusekondale kuti ndizilimbirana gaga ndi nkhuku. Ndinakwera basi, ndipo mapeto ake ndinapezeka ku Dar es Salaam, pakampani yotumiza zipangizo za makina kumaiko ena.

Kumeneko anandiphunzitsa kukayikira. Pali maiko amene malamulo amaletsa kuwagulitsa zinthu zina, ndiye anthu a maikowo amatuma munthu wina kuti awagulire. Bwana wathu, mayi wamfupi wosaseka, ankati, "Munthu akagula osapempha kuti umuchotsereko, umufunse kumene katundu akupita. Akakwiya, usamupatse." Kangapo konse ndinatsala pang'ono kugwirana malaya ndi makasitomala. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda kotentha ngati uvuni. Ndalama ndinkatumiza pafoni zikapezeka, ndipo sizinkapezeka mwezi uliwonse. Kunyumba ankangoyankha kuti, "Tili bwino, musadandaule." Ngakhale mawu amenewo sindinkawakhulupirira.

Nditabwerera ndinapeza nyumba yanga ili ndi malata atsopano. Ndinati mumtima, thukuta langa ilo.

Pasanapite nthawi panafika lole itanyamula matumba a chimanga. Mwini wake, bambo wa nsapato zoyera mbee, anakhala pansi ndi mng'ono wanga Mabvuto n'kuyamba kukambirana za mukula, mitengo ya matabwa odula imene ili kuseri kwa munda wa malemu atate. Mukula suloledwa kutuluka m'dziko mwachisawawa, ndipo wogwidwa nawo amagona m'selo. Mabvuto anatchula ndalama zimene ankafuna, bamboyo anangoti, "Zili bwino."

Ndinatembenukira kwa bamboyo. "Ukupita kuti mukulawu?"

"Akulu, mlendo sanamwe ndi madzi omwe," anatero Mabvuto motsitsa mawu. Kwathu mlendo sumupanikiza ndi mafunso asanapume.

"Ndi wa mabenchi a tchalitchi, ku Lusaka," anayankha bamboyo.

"Tchalitchi chiti? Nanga matumba a chimanga ali m'lolemo ndi ofunditsira chiyani? Apolisi akakuimitsani pamsewu mudzatchula ndani, inu kapena mng'ono wangayu?"

Bamboyo anaseka. "Mudala, mwakhalitsa kunja."

Ndinatola mpini wa khasu. Lole ija inabwerera chakumbuyo mpaka kumsewu, yopanda ndi chipika chimodzi chomwe.

Ndinkayembekeza kuti wina andithokoza. Mabvuto anangokwera njinga yake n'kupita. Mkazi wanga sanakalipe, anangoti ndimutsatire. Tinadutsa munda wonse mpaka kuseri, kumene ine ndinasiya nkhalango. Ndinapeza zitsa zokhazokha, zina zitaphuka kale, ndi mitengo yochepa yotsala m'mphepete.

"Ba tate ake Tisa, miyezi ija foni inali zii, mumaganiza kuti ana akudya chiyani? Nanga malata aja?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndiye nonse pano palibe amene ankafunsa kumene ukupita?"

"Tifunsirenji zimene tikudziwa? Umawoloka nyanja. Umadutsa padoko la ku Dar es Salaam komweko kumene inu munkagwira ntchito."

Ine ndinkayesa abale anga ndi ogona, oti aliyense wa nsapato zoyera angawapusitse. Ayi ndithu. Kuno munthu amasiya dala kufunsa, kuti tsiku lofunsidwa ndi apolisi adzathe kunena kuti sanauzidwe.

Mabvuto sanamangidwe, koma moni wake masiku ano ndi wa pakhosi. Lole ija tsopano imaima kwa aneba. Ine mvula ikayamba kugunda malata aja, ndimanyamula mpando wanga n'kukakhala m'khitchini ya udzu.