Ziro wa Mayi a Sikelo

Mu wodi ya ana obadwa masiku asanakwane munali mayi wina amene tonse tinkangowatchula kuti Mayi a Sikelo. Ndimamva kuti anapuma pa ntchito, koma ndikamva fungo la sopo wa kuchipatala ndimawaonabe. Sanali nesi. Ntchito yawo inali kupukuta sikelo, kuyalapo kansalu, kugonekapo khanda ndi kulemba kulemera kwake pa khadi la kumutu kwa bedi. Anali aafupi, a mapazi otupa, bolopeni ili pa chingwe m'khosi kuti madokotala asawatengere. Makanda ankawalankhula ngati akuluakulu. "Bwana, tambasulani mwendo, anzanu ali pamzere."

Ndinakhala mmenemo masabata atatu, chaka chomwe ndinamaliza sekondale, kudikirira achemwali anga. Kamwana kawo kanabadwa kolemera makilo 1.60, ndipo dokotala anati sikatuluka mpaka katakwana makilo awiri. Achemwali sukulu anaisiyira panjira, koma khadilo ankaliwerenga m'mawa uliwonse, chala chili pa nambala.

Mayi a Sikelo nthawi zonse ankalemba manambala awiri kuseri kwa kadontho: 1.70, 1.75, 1.80. Manesi ankawaseka kuti akutha inki ndi maziro opanda ntchito.

Lachinayi lina m'mawa Mayi a Sikelo anapita kukachotsetsa dzino. Nesi wina ndiye anayeza mwana, n'kulemba 1.9 pansi pa 1.85 ya dzulo lake. Achemwali atawerenga anakhala pansi.

"Watsika," anandinong'oneza. "Dzulo 85, lero 9. Mkaka wangawu ndi madzi."

Ndinkadziwa kuti si choncho, masamu ndinakhoza bwino. Ndinayamba kufotokoza za magawo khumi ndi magawo zana, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anandidula. "Za kusukulu usunge, iwe." Chakudya cha masana sanachikhudze, ndipo anati ndiimbire alamu abwere adzamuone mwana akadali moyo.

Mayi a Sikelo analowa cha m'ma thu koloko, tsaya lotupa, thonje lili m'kamwa. Anayang'ana achemwali, kenako khadi.

"Walemba izi ndani? Wasiya mpando wopanda munthu."

Anakhala pamphepete pa bedi. "Taonani, make mwana. Kuseri kwa kadonthoku kuli mipando iwiri. Woyamba ndi wa akuluakulu, wachiwiri wa ana. Dzulo pa mpando wa akulu panakhala ndani?"

"8."

"Lero?"

"9."

"Nanga mukulirira 5, kamwana ka pa mpando wam'mbuyo?" Anavula bolopeni n'kuwonjezera ziro. "Werengani."

"90," anatero achemwali. Anawerenganso.

"Ndiye idyani. Mkaka suchokera mu bolopeni yanga."

Achemwali anaseka misozi ili m'maso, n'kukoka mbale. Ine ndinangoyang'ana pansi. Zaka zonse zija m'kalasi, palibe anandiuza za mipando.

Lolemba m'mawa Mayi a Sikelo anagoneka mwana pa sikelo, anayang'anitsitsa muvi kwa kanthawi, n'kulemba 2.05. Achemwali anaika chala pa khadi.

"Pa mpando wa akulu pali ziro. Ndiye kuti wangopitirira makilo awiri pang'ono?"

"Pang'ono pomwepo ndi pakhomo," anayankha Mayi a Sikelo, akupukuta sikelo kuti agonekepo wina. "Uzani mng'ono wanuyo apinde zofunda, adokotala akangosaina muzipita. Bwana, musadzabwerenso kuno."