Khansala wa M'mchenga

Ku Triabunna, katauni kathu ka asodzi, mukafunsa za a Clarrie Woolnough, akuuzani kuti ndi madala aja amaweta mchenga. Amati pabalaza pawo pali thanki yagalasi yotalika ngati bokosi la maliro, yodzaza madzi a m'nyanja yamchere, ndipo m'madzimo mulibe kanthu. Nsomba akuti inafa kalekale, kapenanso sinakhalemo n'komwe, koma mkuluyo amaponyamobe chakudya n'kumacheza ndi mchenga. Nkhaniyi imakoma kwambiri kubala Lachisanu, mowa ukayamba kufika m'mawondo.

Nsomba ilimo. Vuto ndi khalidwe lake basi.

A Clarrie anagwira ntchito m'maboti okola nkhono za m'nyanja kuyambira ali mnyamata mpaka msana unawakana. Pa ulendo wawo womaliza, chitsulo chokokera nkhono pansi pa nyanja chinabweretsanso kansomba konyansa nkhope: mutu ngati chibakera, pakamwa poloza kumwamba, maso pamwamba pa mutu. Anzawo ankati akaponyere mbalame. Iwo anakaika m'ndowa. Kunyumba akazi awo, a Noeleen, anasuzumira m'ndowamo n'kunena kuti amuna ena akapuma pantchito amabwera ndi wotchi, koma awo abwera ndi m'bale wawo.

Nsomba ya mtundu umenewu siyendayenda. Imadzikwirira mumchenga n'kusiya timaso tiwiri tooneka ngati timiyala, kudikira kuti chakudya chiipeze chokha. N'chifukwa chake a Clarrie anaitcha Khansala. Mlendo akabwera amayang'ana m'galasimo mpaka khosi kuwawa, kenako amati "yokongola ndithu" mwaulemu, n'kukanena zina kunja.

Kusunga Khansala ndi ntchito yosatha. Kwawo ndi pansi pa nyanja, kozizira koti dzanja limachita dzanzi, choncho pansi pa thankiyo pali makina oziziritsa madzi amene amang'ung'udza usana ndi usiku. Madzi ake satunga pampopi, poti nsombayi simakhala m'madzi opanda mchere. A Clarrie amapita kudoko ndi zigubu pa kapikapu kawo, ndipo amatunga pokhapokha nyanja ikamadzaza, chifukwa ikamaphwa imakoka mafuta a maboti ndi zonyansa za m'tauni. Chigubu chilichonse amachinyamula atagwira msana, akutukwana chapansipansi. Thankiyo inalanda malo a kabati ya mbale za amayi awo a Noeleen, ndipo mbalezo zili m'katoni kugalaji mpaka lero. Mwana wawo Sheree, amene anakwatiwa ku Launceston, anasiya kuwaitana kuti akagone kwawo. Yankho amalidziwa kale.

Mukawafunsa chimene amavutikira chonchi, a Clarrie sayankha zomveka. Amangoti anaichotsa kwawo ndi iwo, ndiye aisiyire ndani.

Januwale wa chaka chatha kunabwera mphepo yotentha ya kumpoto ija, yonunkha utsi wa nkhalango zikupsa. Tsiku lomwe phula linayamba kumata nsapato, makina aja anatsokomola n'kukhala chete. Wokonza anabwera, anagwada, anadzuka, n'kunena kuti kachitsulo kamene kapsa kayenera kuchokera kumzinda wa Melbourne, kutsidya kwa nyanja, ndipo kafika kakafika. A Clarrie anayang'ana kagalasi koyezera kutentha kali m'madzimo. Kanali katayamba kale kukwera. Ankadziwa kuti madziwo akafunda ngati a m'bafa, Khansala sadikira Melbourne.

Anatulutsa nyama yonse mufiriji yaikulu n'kudzazamo mabotolo a madzi. Sabata imeneyo msewu wonse unadya nyama yankhosa ya a Noeleen. Botolo likauma, ankaliika m'thankimo lili chitsekere kuti lizingoyandama, likasungunuka n'kusintha ndi lina. Anatseka makatani, anakuta galasi ndi matawulo onyowa. Ankangoyenda pakati pa firiji ndi pabalaza ngati mlonda wopanda malipiro, maso ali psuu, ndipo firijiyo inkaumitsa mochedwa kuposa mmene dzuwa linkasungunulira.

Apa m'pamene analowerera a Dezzy Burdon, oyandikana nawo nyumba, amene anakalambira nawo limodzi m'boti, ndiponso amene nkhani ya mchenga ija ankaikometsa kuposa aliyense. Kuno munthu sapempha thandizo, ndipo womuthandiza safunsa. Ukaona kuti nkhuni za mnzako zatha, umakatsitsa zina pakhomo pake iye kulibe, n'kuthawa asanakuthokoze, poti kuthokozana kumachititsa manyazi onse awiri. Zitseko sitikiya. A Dezzy atamva kuti mnzawo akuvutika ndi timabotolo, anapukusa mutu. Msodzi weniweni amadziwa kuti nsomba imafuna ayisi, wambiri, wothira ndi fosholo. Anatulutsa mowa m'bokosi lawo loziziritsira, chinthu chimene sanachitirepo ngakhale mlamu wawo, analidzaza ayisi wogula kosungira mafuta agalimoto, n'kulikokera kwa a Woolnough. A Clarrie anali kudoko, a Noeleen kusitolo. Anatsegula chivundikiro cha thanki n'kukhuthuliramo yense.

A Clarrie polowa ndi chigubu anapeza mnzawo ataima pabalaza, manja m'chiuno, akumwetulira.

"Achimwene, ndagonja," anatero a Dezzy. "Ilimodi nsomba yanu. Taonani ikuvina."

Khansala anali atatuluka mumchenga. Ankasambira chopendekera, kugunda galasi, kukwera pamwamba, kugwa, makha ake akutseguka ndi kutseka ngati munthu wothamangitsidwa. A Clarrie anatula chigubu, anaviika chala m'madzimo n'kulawa. Mchere unali utachepa moti lilime lenilenilo linadziwa.

"Dezzy, ayisi ameneyu ndi wa madzi a pampopi?"

"Nanga alipo wa madzi a kutchalitchi?"

"Nsomba zonse unazithira ayisi moyo wako wonse zija, ilipo ina inadzukapo n'kukuthokoza?"

A Dezzy anavula chipewa.

Panalibe nthawi yokalipirana. Madzi osungunukawo anafunika kuchotsedwa n'kulowetsamo a m'nyanja, koma pang'onopang'ono, chifukwa kusintha kwadzidzidzi n'kumene kunali kukupha nsombayo. Zigubu zimene a Clarrie anabwera nazo zinali zochepa, ndipo nyanja inali pafupi kuyamba kuphwa. Anavuula ayisi wotsala ndi sefa ya kukhitchini, kenako madala awiriwo, wina wa msana wina wa bondo, anayamba ulendo wa kudoko ndi kubwerera. Pamasitepe a doko a Dezzy ankatsika chammbali ngati nkhanu, a Clarrie akulandira zigubu pamwamba atakukuta mano. Anyamata a maboti ankawafunsa ngati akufuna kusamutsira nyanja yonse kumtunda. Iwo ankangonyamula zigubu.

A Noeleen anabwera kuchokera kusitolo n'kupeza kapeti yanyowa, payipi ikutulukira pawindo, amuna awo atagwada osatha kudzuka. Anaika zogula patebulo mwakachetechete. Kenako ananena zimene akhala akuzisunga zaka zonsezi: kuti nyanja ili apo, yaulere, yozizira yokha, ndipo munthu wanzeru akanatenga ndowa n'kukabweza chinthucho kwawo.

"Bambo a Sheree, mufera nsomba yoti sikudziwani n'komwe."

A Clarrie ankaoneka kuti akuganizadi. Kenako anati madzi a m'mphepete sabata imeneyo anali ofunda ngati tiyi, boti lopita kwakuya analibe, ndipo mmene Khansala analilimu sakanafika ngakhale pakhomo. Anawonjeza kuti akachira adzaona. A Noeleen anawayang'ana, podziwa kuti "adzaona" wa amuna awo safika. Anawalanda payipi m'manja n'kuwauza kuti akhale pampando asanawonjezere maliro, ndipo ulendo wotsala wa kudoko anayendetsa okha kapikapu, a Dezzy ali kumbuyo atakumbatira zigubu.

Dzuwa likupendeka, Khansala anasiya kugunda galasi. Anatsikira pansi n'kugona pamwamba pa mchenga, poyera, makha akugundabe. Atatuwo anakhala pasofa, zovala zili chonyowa. Mabotolo ankagundana m'madzimo. Patapita nthawi nsombayo inadzigwedeza, mchenga unafuka pang'ono, msana unalowa, mutu unalowa. Panatsala timiyala tiwiri tija.

"Yapita," anatero a Dezzy motsitsa mawu.

"Yabwerera kuofesi," anatero a Clarrie.

Mawa lake mphepo inatembenuka n'kuchokera kum'mwera, ndipo kachitsulo ka ku Melbourne kanafika kutazizira kale, monga zimakhalira. A Clarrie anagona chagada masiku angapo msana utauma ngati thabwa. Amene ankaponyera Khansala tizidutswa ta nsomba anali a Noeleen, akumuuza mawu oti sindingawalembe pano. Kapeti anaitaya. Chitseko sakiyabe, koma pachivundikiro cha thanki pali loko.

Mungaganize kuti mphekesera ija inathera pomwepo, poti tsopano panali mboni, ndipo mboni yake ndi mwini nkhani. Ayi ndithu. Kuti a Dezzy anene kuti anaiona nsombayo, ayenera kunenanso chimene chinaitulutsa, ndipo msodzi wa zaka zawo sangaime pabala n'kuvomera kuti anathira madzi a pampopi m'nyanja ya mnzake. Choncho nkhani ya mchenga ikayamba, iwo amangoyang'ana m'tambula yawo, kapena amakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna kukataya madzi. Anthu amati ngakhale Dezzy wayamba kuwamvera chisoni madalawo, ndiye kuti zafika poipa.

Lachisanu lina a Clarrie analowa kubalako akuyenda chowerama, atangochoka kudoko, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Mkulu wina wa malole, amene sadziwa kunong'ona, anawafunsa anthu onse akumva ngati n'zoona kuti amaweta mchenga. A Clarrie anakhala pampando pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana, n'kudikira kuti ululu udutse.

"Nsomba yanga ikaoneka ndiye kuti ikufa," anatero. "Mukabwera n'kuona mchenga wokhawokha, dziwani kuti ndagwira ntchito. Tandisunthireni mpandowo ndiikepo mwendo."