Tsiku Limene Ndinadzaza Mtsinje ndi Pakamwa

"Mtsinje wadzaza, mayi. Lero sitiwoloka," ndinawauza Anachisale.

Linali bodza. Madzi ankalekeza m'mawondo. Kungoti kwa mlamu wanga ku Domwe kunali mowa, ndipo ndinkafuna kulawirira.

Anachisale anali amasiye, olumala miyendo yonse. Ndinawalonjeza kuti ndizimuwolotsa paphewa mwana wawo Rozina, popita ku shikola, sukulu ya ku mishoni, ndi pobwerera. Ndinkadziwa kuti iwo sangakwawe mpaka kumtsinje kukaona okha.

"Mwachita bwino, achimwene," anatero. "Kusiyana n'kuti mundimizire mwana."

Anandipatsanso mazira. Ndinalandira ndi manja awiri, ine wopanda manyazi.

Mawa lake madzulo ndinapeza Rozina akundidikira kutsidya. Nditamukweza paphewa, sanandigwire mutu monga ankachitira masiku onse. Zikhatho zake zinali zitatupa. Aphunzitsi anamumenya m'manja ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera ana, chifukwa chojomba, poti anzake onse anawoloka bwinobwino dzulo lake.

Tili pakati pa madzi, mwanayo anati, "Amalume, musadandaule. Amayi ndikawauza kuti ndagwa."

Ndinamutsitsa kumtunda. Ndinatsokomola ngati munthu amene ali ndi mawu. Kenako ndinatembenuka, n'kulowera njira ya kumunda.