Nsalu za siliva zimene zinandisandutsa namapopa

Zimene ndikuuzenizi si nthano ayi, zinandichitikira ineyo.

Boma linanditumiza kukaphunzitsa sayansi pasekondale ina kufupi ndi Champhira, ine wa ku Dedza, wosakwatiwa, Chitumbuka chomwe ndinkadziwa ndi "yewo" basi. Ndikaweruka ndinkangodzitsekera m'nyumba, nanga ndikanacheza ndi ndani? Chimene chinkandisangalatsa ndi kafukufuku wa maphunziro anga apamwamba, wopanga nsalu zopha majeremusi zomangira zilonda. Ndinkawiritsa masamba a nimu, madzi ake n'kuthiramo mankhwala a siliva m'mabotolo, ndiye mumapangika tizidutswa ta siliva tosaoneka ndi maso, madziwo n'kusanduka ofiira moderako. Ndikanyika nsalu za thonje m'madziwo ndinkaziyanika kuseri, zala zanga zitada bii ndi mankhwalawo.

Sindinkadziwa kuti mphekesera za anamapopa zafika m'deralo, poti panalibe wondiuza. Loweruka lina masana ndinangoona anthu adzaza pabwalo, ena atanyamula miyala. Bambo wina, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, anandifunsa m'Chichewa kuti magazi ali m'mabotolowo ndi a ndani. Ndinayankha kuti si magazi, ndipo mwa kupusa kwanga ndinati ndiwaonetse. Ndinathira madzi a nimu m'mankhwala oyera ngati madzi akumwa, onse akuyang'ana, botolo lija n'kuyamba kufiira pang'onopang'ono. Abale anga, anthu aja anangoona magazi basi. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo, ndipo mwala woyamba unagwa padenga.

Anandipulumutsa ndi ahedi, amene anaima pakhomo panga n'kuwalankhula m'Chitumbuka mpaka apolisi anafika. Anthuwo sanandimenye, koma teremu yonseyo palibe anandipatsa moni, pamjigo amayi ankachotsa ndowa zawo ndikafika, ndipo m'tchalitchi benchi yonse inkakhala yanga ndekha. Ndinapempha kusamutsidwa, nsalu zija ndinaziwotcha.

Lero sindiwada anthu aja. Ankaopera ana awo, ndipo ine ndinali nditakhala nawo chaka chathunthu osalowapo m'nyumba ya munthu kapena kupita pamaliro. Inu amene mwatumizidwa kudera lachilendo, anthu ayambe akudziwani musanayambe zotseka chitseko, chifukwa tsiku lofotokoza likafika miyala imakhala ili kale m'manja.