Ngala za pa Chulu

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anagonekedwa kuchipatala ku Namitete ali oyembekezera, mawere atacha m'munda. Zaka zanga sindizidziwa, koma ndinali nditayamba kusenza mtsuko wodzaza osataya madzi. Kwathu, kufupi ndi Msundwe, mbewu ya mawere sinkatapidwa m'nkhokwe ayi. Mkazi ankalowa yekha m'munda anthu asanayambe kudula, n'kusankha ngala zake, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzisunge. Yathuyo amayi anailandira kwa amayi awo: mawere aafupi, a ngala zofumbata ngati dzanja la khanda.

Atate atabwera kowazonda anati, "Amako akuti mbewu usankhe ndiwe. Akuti unkawaona."

Kuwatsatira ndinkawatsatiradi, koma maso anga ankakhala pa ziwala. Ndinatenga mpeni ndi lichero, ulendo wa pa chulu cha pakati pa munda. Pamenepo mawere ankandifika m'khosi, ngala zake zotambasuka, zolemera. Ndinadula zokhazokhazo. Otsalawo tinapuntha, tinachita chimera, thobwa tinamwa mpaka anatha.

Amayi atabwera, khanda lili kumsana, anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Izi unazidula pati?"

"Pa chulu, amayi. Zikuluzikulu zokhazokha."

"Nanga kumunsi kuja, pamchenga?"

"Kujatu zinali zonyozeka."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti a pa chuluwo unali mtundu wina, wochedwa kucha, umene unasakanikira ndi wathu kalekale, ndipo iwo chaka ndi chaka ankaupewa.

Tinafesa yomweyo, poti ina panalibe. Anamera, anatalika, odutsa m'njira n'kumayamikira. Kenaka mvula inadula ngala zisanakhwime. Ukafikisa m'manja, mankhusu okhaokha, mphepo n'kuuluza. Kusowa kwa phala la khanda ndinakuona ndi maso angawa.

Tsiku lina amayi ananditenga kumunda wouma uja. Tinauyenda wonse mowerama, mapesi akutikanda m'miyendo. Kumunsi pamchenga tinapeza timapesi tatifupi todzimerera tokha kuchokera ku njere zimene zinayoyoka chaka chathacho. Ngala zake zinali zitacha. Zonse zinakwana m'mpango wa amayi.

"Tikamuphikire mwana phala," ndinatero.

"Izi sitidya." Anamanga mpango uja mfundo ziwiri. "Ngala ya pa chulu yanenepa ndi chulu, mwana wanga. Iyi yabereka palibe woithandiza. Mbewu umaidziwa chaka choipa."

Panapita zaka zitatu kuti timbewu timeneto tidzazenso munda. Chaka chilichonse amayi ankandiyendetsa pamchenga, pamtsetse ndi podikha madzi, kudula pang'ono paliponse, koma zokhazo zocha msanga ndi zodzaza njere.

Masiku ano alangizi abzala mawere a mitundumitundu m'timinda toyesera, kuno, ku Nsaru ndi kwina. Mdzukulu wanga amene amalima nawo amadandaula kuti alangiziwo akuchedwa kugawa mbewu.

"Agogo, wabwino waoneka kale, eti? Uja wautali uja. Angotipatsa basi."

Ndimamuuza kuti awasiye, mvula iyambe yawanamiza kaye. Ine ndinasankha ndi maso tsiku limodzi, dzuwa lili bwino, ndipo amene analira ndi njala anali mwana wosadziwa n'komwe kumene kuli munda. Wosankha mbewu sasankhira chaka chimene akuchiona. Amasankhira chimene sakuchidziwa, ndi pakamwa pa amene sanabadwe.