Tayala la mano kutsogolo

Ndikukumbukira m'mawa wina wa dzinja kwathu ku Mlonyeni, ndili kamtsikana ka sitandade 3. Malungo anandigwira moti ngakhale madzi ndinkangowabweza. Mvula inali itangokata kumene, pabwalo ponse pali matope ofiira. Chipatala chinali kutsidya kwa mtsinje, ndipo chonditengera chinali chimodzi chokha, njinga ya magiya imene bambo anagula kwa munthu wa ku Chipata.

Matayala ake anali osiyana. Lakumbuyo linali latsopano, la mano akuluakulu, poti n'kumene kunkakhala matumba a chimanga. Lakutsogolo linali lakutha, losalala ngati dazi la amalume anga.

Mayi anandigoneka pamphasa pakhonde kuti tizinyamuka. Koma bambo m'malo mokwera, anaigadabuza njinga ija n'kuitanitsa masipuni awiri. Anayamba kuvula matayala ndi masipuniwo kuti awasinthanitse.

"Bambo a Esinati, mwana akupsa uyu, inu mwayamba umakaniko?" anatero mayi. "Ndiye labwinolo mukuliika kwanu kutsogoloko, mwana mukumupatsa ladazi?"

"Lakumbuyo likaterereka ndiponda pansi," anayankha bambo osatukula mutu. "Lakutsogolo likaterereka, tonse tili m'madzi."

Mayi anagwada pambali panga n'kuyamba kupemphera mokweza, mwina kuti bambo amve nawo. Ine ndinkangomva fungo la mphira ndi kulira kwa pampu, fwii, fwii, denga likuzungulira. Sipuni imodzi inapindika. Bambo anaiwongola n'kupitiriza ntchito.

Anandimangirira kumsana kwawo ndi chitenje, ulendo unayambika. Pofika pa chitsikitsiki cha kumtsinje, madzi anali kukokoma, atatsala pang'ono kukhudza mlatho wa mitengo. Bambo anagwira buleki. Mwadzidzidzi kumbuyo kumene ndinakhala kunatsetserekera cham'mbali, miyendo yanga ili lende pamwamba pa madzi amatope aja. Ndinakuwa, "Yesu!" Bambo anaponda pansi mwamphamvu. Tayala lakutsogolo linali litaluma dothi, silinasunthe. Ndinamva mtima wawo ukugunda patsaya langa. Anapuma kaye, n'kuikankha njingayo pang'onopang'ono mpaka kutsidya, ine ndidakali kumsana.

Kuchipatala anandibaya jakisoni, ndinagona masiku angapo. Mayi mpaka kumwalira kwawo ankati linandipulumutsa ndi pemphero lawo. Bambo ankangoseka. Ine ndimathokoza Mulungu pondipatsa onse awiri, chifukwa pakanapanda iwo, lero bwenzi kulibe ana angawa.

Masiku ano pamtsinje paja pali mlatho wa simenti, ndipo odwala amapita pa njinga yamoto. Koma ndisanakweze mwana wanga aliyense, ndimawerama kaye n'kupapasa tayala lakutsogolo. Anyamata a kabaza amaseka, amati, "Mayi, mukufuna kugula?" Ndimawasiya aseke. Likakhala losalala, ndimadikira ina.