Zipalapasiro za Agogo Yeye

Ku Balbriggan, pamwamba pa kashopu kogulitsa zakudya zachitchaina, panali tizipinda titatu tonunkhira mafuta okazingira tchipisi ndi adyo chaka chonse. Tinasamukira kumeneko ndili ndi zaka naini, nthawi ya recession ija chuma chitagwa, kampani yomanga nyumba imene bambo ankagwirako ntchito itatsekedwa. Kashopuko kanali ka agogo anga aamuna, omwe ndinkawaitana kuti Yeye, monga amachitira adzukulu kwawo ku Hong Kong.

Yeye anabwera ku Ireland ali mnyamata, n'kuyamba ndi kutsuka mbale m'makhitchini a eni ake. Bambo anga, a Kevin, anabadwira ku Dublin konkuno, ndipo Yeye atafedwa mkazi anaika mtima wonse pa mwana mmodziyo. Mbeta anali atamuonera kale, mwana wa mnzawo wa lesitilanti. Koma bambo anakakumana ndi mayi anga, mtsikana wa ku Dedza, pa siteji ya basi ku Tallaght, mvula ikugwa, ambulera ili imodzi. Ku ukwati Yeye sanapite. Anati shopu singatsekedwe Loweruka.

Ndiye taganizani anthu awiriwa m'nyumba imodzi. Mayi, poti analeredwa mwachichewa, apongozi awo ankawapatsa ulemu wowathawa. Akakumana pamasitepe ankapatuka n'kuyang'ana kukhoma, ndipo patebulo limodzi sankadya nawo. Yeye ankaona ngati mpongoziyo akunyansidwa nawo. Mayi nawo ankati nkhalambayo imawada, chifukwa mawu ake patsiku sankapitirira atatu. Tsiku lina ndinawamva akuuza bambo kuti, "Bambo a Tada, zikapitirira chonchi, ine ndi mwanayu tikakhala kwa achemwali ku Tallaght."

Ndinaganiza zowagwirizanitsa. Poti mthenga wa pakati pawo ndinali ine, ndinayamba kuthira mchere m'mauthenga. Mayi akati, "Kawauze agogo ako kuti madzi otentha atha," ndinkatsika n'kukanena kuti, "Madzi atha, komanso mayi akuti mu Ireland monse muno palibe wophika ngati inu." Yeye akangoti "Hm," ndinkathamangira m'mwamba: "Akuti mwatchena lero."

Bodza linandikomera. Lachisanu lina ndinauza Yeye kuti mayi akulakalaka chakudya chenicheni cha ku Hong Kong, osati za makasitomalazi. Anandiyang'anitsitsa, kenako anavala chipewa n'kukakwera sitima ya m'tauni.

Lamulungu masana anakwera masitepe atanyamula mbale yaikulu, n'kuiika patebulo. Munali mapazi a nkhuku ofiirira, onona, zala zili tambalale ngati zikupempha chifundo. Bambo, amene ali mwana ankasekedwa kusukulu chifukwa cha chakudya chimenechi, anagwira kumutu. Ine ndinadziwa kuti basi, ulendo wa ku Tallaght wapsa.

"Zipalapasiro!" anakuwa mayi. "Mayo ine, ndinazidya liti!"

Ulemu wothawa uja unathera pomwepo. Anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi apongozi awo, n'kuyamba kukukuta, msuzi ukuyenderera mpaka m'chigongono. Yeye anawathirira tiyi, n'kuwathokoza m'Chingerezi chawo chodukaduka chifukwa chowatama kaphikidwe masiku onsewa.

"Ine? Liti?" anadabwa mayi. "Koma inuyo bambo, zikomo pomandiyamikira zovala."

"Zovala?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Chilango anagwirizana nthawi yomweyo, ndipo aka kanali koyamba kuti agwirizane pa kanthu chikwatiranire makolo anga. Loweruka lililonse ndinkakhala kukhitchini ndi beseni la zipalapasiro, kuwenga zikhadabo ndi sizasi, iwo ali poteropo kukangana ngati tsabola amathira poyamba kapena pomaliza.

Lero kashopu kaja ndi malo ometera tsitsi, ndipo banja ngati lathu likamayenda mumsewu wa Balbriggan palibenso amene amacheuka. Kale sizinali choncho. Ngakhale Yeye atadwala matenda awo omaliza, namwino wina wolemba fomu anayang'ana nkhalamba yachitchainayo, n'kuyang'ananso mayi anga, munthu wakuda, amene anali kuwakonzera pilo, n'kufunsa kuti ameneyu ndi wantchito kapena ndani.

"Mwana wanga," anatero Yeye.

Namwino anaimika cholembera m'mwamba.

Yeye analoza pepalalo ndi chala. "Lembani."